Mitu imene timapereka m'kalasi ikuphunzitsa ana kunama

 Ndakhala chete kwa masabata angapo chifukwa cha mulu wa makope, ndipo mulu womwewo ndi umene wandipatsa nkhani ya lero.

Sabata yatha ndimachonga zimangirizo za Fomu 3. Mutu ndinangoutola m'pepala lakale la mayeso oyeserera, uja tonse timaudziwa: "Tsiku limene sindidzaliiwala." Nditafika pa kope la khumi, ndinali nditapita kale ku Mangochi kanayi. Ana anga onse ananyamuka m'mamawa pa basi yokongola, anaimba m'njira, anaona nyanja, anadya chambo ndi tchipisi, ndipo anabwerera kwawo ali otopa koma osangalala. Ena anali ndi phwando la tsiku lobadwa, la keke ndi makandulo. Mmodzi anapulumuka pa ngozi ya ndege.

M'mawa mwake ndinaitana mnyamata wina amene ndimadziwa kwawo, ndipo ndinamufunsa kuti, "Iwe, ku Mangochi unapitako liti?" Anaseka pang'ono n'kuyankha mwaulemu, "Sindinapiteko, aphunzitsi. Koma ndi zimene zimabweretsa malikisi."

Mnyamata ameneyu anali m'makalasi omaliza a pulayimale pamene namondwe wa Ana anafika mu Januwale 2022, ndi kugumula damu la ku Kapichira mpaka dziko lonse linakhala mumdima. Anali pompano mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'dziko muno. Anagonapo m'kalasi ya sukulu imene inasanduka msasa wa anthu othawa madzi. Masiku oti sadzawaiwala ali nawo ochuluka kuposa ine. Koma atapatsidwa pepala, anakabwereka tsiku la mwana wa m'tauni amene sanamuonepo.

Sindikumuimba mlandu mwanayo. Mlandu ndi wathu, ndipo ine ndili nawo mutu wake, chifukwa ndakhala ndikugwira choko kwa zaka zoposa 20.

Tiyeni tione mitu imene timapereka. Yambiri ndi ya mtundu umodzi: "Kuipa kwa kudula mitengo", "Ubwino wa maphunziro a atsikana", "Kuopsa kwa mankhwala ozunguza bongo". Nkhani zake n'zofunika, sindikutsutsa. Vuto n'lakuti mutu wotere umabwera ndi yankho lake m'thumba. Mwana amadziwa kale zimene aphunzitsi akufuna kumva, ndiye amangozindandalika: mfundo yoyamba, mfundo yachiwiri, pomaliza ndikupempha boma ndi mabungwe kuti achitepo kanthu. Mwana amene bambo ake amawotcha makala kuti alipire fizi amalemba ndime zinayi zotukwana owotcha makala, ife n'kumupatsa malikisi abwino. Zimene akudziwadi za makala, kulemera kwa thumba pa njinga pokwera chitunda cha ku Thabwa, mtengo wake, manyazi ndi njala zimene zili m'nkhaniyo, zonsezo amazisiya panja pa kalasi pamodzi ndi matope a kumapazi.

Ku ndakatulo nakonso n'chimodzimodzi. Uzani kalasi kuti ilembe ndakatulo, muona. Onse amasanduka alaliki. Amaitana Umphawi, Ulesi kapena Edzi ndi dzina, n'kumaukalipira ndime ndi ndime, pogwiritsa ntchito mawu okuluwika amene iwo eni sangawamasulire mutawafunsa. Amatsanzira kamvekedwe ka alakatuli a pa wailesi. Kutsanzira si tchimo, tonse tinayambira pomwepo, koma mwana akamaliza Fomu 4 asanalembepo mzere umodzi wonena za iye mwini, ndiye kuti pali chimene tamubera.

Ine ndinatulukira zimenezi mwangozi. Sukulu zitatsegulidwanso pambuyo pa Freddy, ndinalowa m'kalasi ndi sikimu yanga m'manja, koma ndinaona kuti palibe amene ali nane. Mabuku ena anali atanyowa, ana ena anali asanabwerere, amene analipo ankangoyang'ana pa windo. Ndinatseka buku n'kulemba pa bolodi chiganizo chimodzi: "Lemba chinthu chimodzi chimene unanyamula madzi atafika, ndipo ufotokoze chifukwa chake unanyamula chimenecho." Ndinawauza kuti sindichonga, ndipo ali ndi mphindi khumi.

M'kalasi munati zii. Mphindi khumi zinakwana palibe anadzutsa mutu. Madzulo ake ndinawerenga mapepala a amene anafuna kundipatsa. Wina ananyamula mphika wa nsima ukadali wotentha, chifukwa amayi ake anakuwa kuti chakudya chisatsale. Wina ananyamula tambala, ndipo ankachita manyazi kumsasa anthu akumuseka, koma tambalayo ndi amene anagulitsidwa n'kugulira ufa. Mtsikana wina anatenga kabuku ka kuchipatala ka agogo ake, n'kukabisa m'jumbo pansi pa bulauzi. Mnyamata wina analemba mizere itatu yokha, yonena kuti iye sananyamule kanthu chifukwa kumsana kunali mng'ono wake. Panalibe nyanja ya ku Mangochi ngakhale papepala limodzi. Panalibenso mapepala awiri ofanana, chinthu chimene mphunzitsi wa Chichewa sachiona kawirikawiri.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa chimene chinasiyanitsa mutu umenewu ndi uja wa tsiku losaiwalika, poti yonse iwiri imafunsa za moyo wa mwana. Ndaona kuti mutu waukulu umaopseza. Mwana akamva "tsiku limene sindidzaliiwala" amaganiza kuti pafunika chinthu chachikulu, chooneka ngati cha m'buku, ndipo akayang'ana moyo wake amauona wochepa. Mutu waung'ono, wofunsa chinthu chogwirika ngati mphika kapena tambala, umamupatsa poyambira. Chachiwiri, yankho lake amalidziwa ndi iye yekha. Sangakopere kwa mnzake, sangalipeze m'kabuku ka mayankho kogula pa Dyeratu, ndipo ngakhale foni singamuuze. Asodzi a ku Shire amadziwa kuti nyambo ikakula kwambiri nsomba imangoizungulira. Mutu wa chimangirizo ndi nyambo basi.

Zimene ndikunenazi si nzeru zachilendo. Agogo athu aakazi ankapeka nyimbo pamtondo, ndipo mitu yawo sinkachokera kutali: apongozi ovuta, mwamuna amene wapita ku Joni osalemba kalata, thonje limene lagulidwa motchipa. Oimba ulimba kumunsi kuno ankachitanso chimodzimodzi. Olemba athu otchuka anatunganso pachitsime cha pakhomo. Malemu Steve Chimombo anatenga Napolo, amene anthu a ku Zomba amamutchula phiri likagumuka ndi madzi, n'kumusandutsa ndakatulo. Anatenganso nkhani ya Mbona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, n'kulemba sewero lotchedwa The Rainmaker. Ngakhale buku la Nthondo linabadwa chifukwa wina anapereka mutu. Samuel Josia Nthara anali mphunzitsi ngati ife, wa mishoni ya Nkhoma, pamene bungwe lina la ku London loona za zilankhulo za mu Africa linachititsa mpikisano wa zolemba. Iye analemba za moyo wa munthu wamba wa kumudzi, ndipo bukulo linapambana n'kusindikizidwa mu 1933. Patha zaka zoposa 90 tikuliwerengabe. Akanati akabwereke moyo wa mzungu wa ku London, bwenzi lero palibe akumukumbukira.

Tsono ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi mafunso, chifukwa mu stafu rumu mwathu tinakangana kale.

Loyamba ndi la mayeso. Mnzanga wina anandiuza kuti, "Achimwene, a MANEB safunsa za tambala. Mukutaya piriyodi." Nkhawa yake ndi yoona. Tonse timayezedwa ndi zotsatira za JCE ndi MSCE, silabasi ndi yaitali, ndipo makalasi athu ndi odzaza. Koma taganizani zimene wochonga mayeso amafuna m'chimangirizo: chiyambi, thunthu ndi mathero, mfundo zotsatana bwino, ziganizo zomveka, mawu oyenera pamalo pake. Zimenezi mwana amaziphunzira msanga akamalemba chinthu chimene akuchidziwa, chifukwa mutu wake sukhala wotanganidwa ndi kupeka. Mwana amene wafotokozapo bwino m'mene anawolokera madzi ofika m'chiuno, sadzavutika kulemba lipoti la ngozi ya madzi osefukira likadzabwera pa mayeso. Ndipo sindikupempha teremu yonse. Ndikupempha mphindi khumi pa sabata.

Lachiwiri ndi lolemera kwambiri, ndipo pano ndiulule kulakwa kwanga. Nditaona kuti mutu woyamba uja wayenda bwino, ndinatengeka. Sabata yotsatira ndinapereka wina wofunsa za usiku wa madziwo, kenako ndinaloza mtsikana wina kuti aimirire awerenge zimene walemba, poti ndinkadziwa kuti amalemba bwino. Anawerenga mizere iwiri, mawu anamuthera, anatuluka m'kalasi. Sanabwere kusukulu masiku atatu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kwawo anataya munthu, ndipo mtembo sunapezeke. Ndinapita kukapepesa kwa iye ndi kwa amayi ake. Anandikhululukira, koma madzi akatayika saoleka: mpaka anamaliza Fomu 4 sanandipatsenso pepala lina lililonse kupatula la mayeso.

Choncho amene akunena kuti mitu yotere ingatsegule mabala akunena zoona. Katswiri wina wa za maganizo ku America, James Pennebaker, anachita kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1986. Anauza ophunzira a pa yunivesite kuti azilemba kwa mphindi 15 pa tsiku, masiku 4 otsatizana, za chinthu chowawa chimene chinawachitikira. Anapeza kuti amene analemba zimene zinachitika pamodzi ndi m'mene ankamvera mumtima, anapita kuchipatala mocheperapo m'miyezi yotsatira poyerekeza ndi anzawo amene analemba nkhani wamba. Koma anapezanso kuti atangomaliza kulemba ankakhala okhumudwa kwa kanthawi. Chinanso chofunika kuchidziwa n'chakuti ophunzira akewo sankaimiritsidwa pamaso pa anzawo kuti awerenge. Ine ndinaphonya pamenepo. Ife si madokotala, ndipo kalasi ya ana 70 si malo oululira zamumtima mokakamizidwa. Kulemba kumathandiza ngati mwini wake ndi amene akusankha pofika ndi poimira.

Lachitatu ndi la chilankhulo. Kuno ana athu ambiri kunyumba amalankhula Chimang'anja kapena Chisena, ndipo Chichewa cha m'buku amakumana nacho pa sukulu. Mwana akayamba kulemba za kwawo, mawu a kwawo amatuluka okha. Amalemba "pinthu" m'malo mwa "zinthu", "mwadiya" m'malo mwa "bwato", "takhuta" m'malo mwa "zikomo". Dzanja la mphunzitsi limayabwa kufuna cholembera chofiira. Kuchokera mu 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, mibadwo ya ana a m'chigwa chino yakhala ikuuzidwa kuti mawu a amayi awo ndi zolakwika. Pa mayeso, inde, aphunzire Chichewa chovomerezeka, ndipo ndi udindo wathu kuwaphunzitsa bwino lomwe. Koma m'kope la mphindi khumi lija, mwadiya ukhale mwadiya. Agogo amene anapalasa usiku uja sanapalase bwato la m'buku. Ndaonanso kuti mwana akaloledwa kulemba mawu a kwawo, kenako n'kufunsidwa kuti mawu omwewo m'Chichewa cha mayeso angawanene bwanji, amagwira kusiyana kwake msanga kuposa pamene tangomudula ndi inki yofiira.

Pofuna kuti ena asalakwe monga ndinalakwira ine, nawa malamulo amene ndimatsata tsopano. Kope la zolembazi ndi la mwana, ndipo ndimawerenga pokhapokha iye atandipatsa. Sindiikamo malikisi kapena kukonza kalembedwe ka mawu. Palibe wokakamizidwa kuwerenga pagulu. Nthawi zonse ndimalemba mitu iwiri pa bolodi, wina wolemera wina wopepuka, kuti amene sakufuna kukhudza bala akhale ndi kothawira. Zimene ndawerenga sizipita ku stafu rumu ngati nkhani yocheza. Ngati mwana walemba zoonetsa kuti akuzunzidwa kapena ali pangozi, ndimalankhula naye kaye payekha, kenako timakaonana ndi amene angamuthandize, ndipo lamulo limeneli ndimawauza ana onse tsiku loyamba kuti asadzati ndawapereka. Lomaliza, nanenso ndimakhala pansi n'kulemba nawo. Ana akaona aphunzitsi akuluma cholembera kusowa mawu, mantha awo amachepa.

Nayi mitu ina imene yandigwirira ntchito. Itengeni, isintheni malinga ndi kwanu.

1. Fotokoza manja a munthu amene anakulera. Usatchule khalidwe lake, unene za manja okha.

2. Lemba phokoso loyamba limene umamva ukadzuka kwanu, ndi lomaliza usanagone.

3. Dzina lako anakupatsa ndani, ndipo ankaganiza chiyani? Ngati sudziwa, kafunse, udzalembe mawa.

4. Lemba mawu amodzi a kwanu amene sali m'buku la Chichewa. Amanenedwa nthawi yanji, ndipo amawanena bwino ndani?

5. Lembera kalata mtsinje wa Shire. Uwuuze chimodzi chimene unakupatsa ndi chimodzi chimene unakulanda.

6. Fotokoza masana a mwezi wa Okutobala kuno kwa munthu wa ku Dedza amene sanatsikepo chitunda, osagwiritsa ntchito mawu oti "kutentha".

7. Chakudya chimene munadya m'chaka cha njala, kaya ndi nyika kapena china. Anakachipeza ndani, chinaphikidwa bwanji, chinkamveka bwanji m'kamwa?

8. Njira yako yochokera kunyumba kufika pa sukulu: tchula zinthu zisanu zimene umadutsa, chilichonse mzere wake. Ukatero wayamba kale ndakatulo.

9. Lemba za tsiku limene unanama ndipo palibe anadziwa.

10. Funsa munthu wamkulu kwambiri m'mudzi mwanu chinthu chimodzi chimene chinalipo ali mwana koma lero kulibe. Lemba yankho lake m'mawu ake omwe.

Mutu wa nambala 10 unanditsegula maso inenso. Ana anabwera ndi nkhani za madimba amene anakwiririka ndi mchenga, za sitima ya pamtunda imene inkadutsa pa Chiromo mlatho usanawonongeke, za msika wa thonje. Mmodzi anabwera ndi zimene agogo ake anamva kwa agogo awo, zoti pa Katunga pompano pankaima sitima za pamadzi zotsitsa katundu wopita ku Blantyre. Zimenezi ndi zoona: m'zaka za m'ma 1880 doko la Katunga linali potsitsira katundu wa kampani ya Mandala, ndipo ufumu wa Katunga ndi umodzi wa maufumu a Amakololo amene anafika m'chigwa chino ndi David Livingstone. Mwanayo mbiri imeneyi anali atailemba kale m'kope la Histole, koma anandiuza kuti sankadziwa kuti Katunga wa m'bukuyo ndi yemweyu amene amapondapo tsiku ndi tsiku.

Za ndakatulo ndinene pang'ono. Ndinasiya kuyamba ndi chiganizo choti "lembani ndakatulo", chifukwa chimadzutsa mlaliki uja. Ndimayamba ndi mutu ngati wa manja kapena wa njira ya kusukulu. Akalemba, ndimawauza kuti asankhe ziganizo zinayi zimene akuzikonda, achotse mawu onse amene angachoke tanthauzo osasokonekera, ndipo chiganizo chilichonse achiike pa mzere wakewake. Kenako awerenge chapansipansi, amve pamene mpweya ukuthera. Zifanifani ndi zining'a zimene silabasi imafuna timazipeza m'zolemba zawo zomwezo, n'kuzitchula maina pambuyo. Mtsikana wina analemba kuti zikhatho za agogo ake zili ngati dimba limene madzi aphwera. Sanadziwe kuti walemba chifanifani mpaka nditamuuza, ndipo sindikhulupirira kuti adzaiwalanso tanthauzo la mawu amenewo.

Sindikunena kuti ana onse asanduka alakatuli. Ena amalemba mizere iwiri n'kugona pa desiki, makamaka piriyodi ya masana. Ena amandibweretserabe Mangochi. Makope ndi ovuta kupeza, moti ena amalemba kumapeto kwa kope la Masamu. Koma pa zaka zitatu zimenezi ndawadziwa ana anga kuposa m'mene ndinawadziwira pa zaka zonse za m'mbuyo, ndipo ndikamachonga zimangirizo za mayeso ndimatha kuona amene azolowera kuyang'ana chinthu asanachilembe.

Aphunzitsi anzanga a Chichewa ndi Chingerezi, m'ma CDSS ndi m'masekondale ena a Chikwawa ndi Nsanje, yesani Lachisanu likubwerali. Mitu iwiri pa bolodi, mphindi khumi, cholembera chofiira chikhale m'thumba. Mukayesa mudzandiuze zimene mwaona, ngakhale zitakanika, poti mutu umodzi susenza denga. Ngati muli ndi mitu ina imene yakugwirirani ntchito, tigawaneni.

Inu ophunzira anga akale, ndikudziwa kuti ena mwa inu ndinakupatsani malikisi apamwamba chifukwa cha ulendo wa ku nyanja umene simunayende, ndipo ena ndinakudulani mawu a kwanu ndi inki yofiira. Pepani. Mutu wa nambala 1 ndi wanunso. Usiku uno, musanagone, tengani pepala mulembe za manja a amene anakulerani. Simukuyenera kundionetsa. Koma ngati eni manjawo akadali moyo, mukapita kumudzi mukawawerengere.

Mnyamata wa ku Mangochi uja ndinamubwezera kope lake n'kumuuza kuti alembenso, ulendo uno za tsiku limene analipodi. Wandipempha kuti ndimupatse mpaka Lolemba.